Foni ya Lolemba M'mawa

Chinali chaka cha 1971, m'nyengo yozizira, pamene mtsikana wina wa zaka makumi awiri anakwera masitepe a kampani yogulitsa zipangizo zomangira nyumba, atavala juzi yobwereka kwa mkulu wake. Tsikulo linali Lolemba, pa 7 Juni. Pansi panali sitolo ya simenti, malata, misomali ndi mapaipi. Pamwamba panali maofesi atatu, ndipo pakati pa masitepe ndi chitseko cha bwana panali desiki, makina otayipira, foni yakuda ndi benchi yamatabwa yotsamira khoma. Desiki imeneyo ndiyo anamupatsa.

Anali atangomaliza kumene sukulu yophunzitsa kutayipa. Kumeneko mphunzitsi wawo, pofuna kuti zala zizolowere, ankawatayipitsa mawu a Chingerezi awiriawiri, liwu ndi linzake lotsutsana nalo. Kumanzere kunkakhala mawu otanthauza kuzemba, kupewa, kubisa, kupusitsa. Kumanja kunkakhala otanthauza kuyang'anizana, kukumana, kuulula, kunena poyera. Zala za mtsikanayo zinkathamanga chimodzimodzi mbali zonse ziwiri. Koma sabata yoyamba isanathe, anazindikira kuti ntchito anamulembera inali ya mbali ya kumanzere.

Bwana anali munthu wamkulu, wa chifuwa cha fodya. Anamuuza mwachidule: "Mtsikana iwe, ine ndimagulitsa simenti, nthawi yanga sindigulitsa. Amene ndikumufuna ndizikuuza. Enawo uziona wekha chochita nawo."

Ndipo anaonadi chochita nawo. Ankabwera ofuna ntchito, odandaula kuti malata awo sanafike, ogulitsa tizinthu tawo, ndi abale a bwana amene bwanayo ankawaopa kuposa onse. Mtsikanayo anadziikira malamulo. Ukamanena kuti bwana kulibe, usayang'ane chitseko chawo. Usanene kuti sakufuna. Munthu asatsike masitepe chimanjamanja, umpatse kanthu konyamula, kaya tsiku, kaya chiyembekezo. "Angotuluka kumene." "Ali pa msonkhano." "Nkhani yanu akuidziwa." "Tayesani mawa." Ankanena ndi nkhope yowala, ndipo mumtima mwake sankaona kuti akulakwa. Ankakhulupirira kuti "ayi" amavula munthu pagulu, pamene "mawa" amamuperekeza atavala.

Mesenjala wa pakampanipo, bambo wamfupi wa njinga yopanda belu, ndiye anamupatsa dzina loti Mayi Mawa, iye asanakhale n'komwe mayi wa munthu. Dzinalo linamukakamira mpaka ukalamba.

"Inu Mayi Mawa," ankatero mesenjalayo, akupukuta thukuta ndi chipewa, "tsiku mudzafike kumwamba, angelo adzakuuzani kuti Mwiniwake angotuluka kumene."

"Ndidzawathokoza, bola adzanene mwaulemu. Tapitani mukaponye makalatawa, positi ingatseke."

Pakati pa anthu amene ankawabweza panali mnyamata wogulitsa utoto, wamtali, wa zikhadabo zosatha penti. Anabwera koyamba mu Epulo 1972, ndipo bwana anali atangotuluka kumene. Anabweranso, bwana ali pa msonkhano. Ulendo wina, mtsikanayo asanatsegule pakamwa, mnyamatayo anamutsogolera.

"Musavutike, achemwali. Ndawaona pawindo akudya nthochi. Utoto wanga saufuna, ndinadziwa kalekale."

"Nanga mukuvutikiranji ndi masitepe onsewa?"

"Ndimabwerera inu. Mumanama mokoma kwambiri."

Anakwatirana mu Disembala 1973, n'kuchita lendi nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msewu wa mabasi. Chitseko mwamunayo anachipaka utoto wobiriwira wotsala ku ntchito. Pa 9 Okutobala 1974 kunabadwa mwana wamkazi, yekhayo amene Mayi Mawa anakhala naye.

Mwamuna uja anali ndi zofooka zake, koma kuzemba sikunali m'gulu la zimenezo. Loweruka pa 17 Malichi 1979, m'mawa, mkazi wake akusita zovala, iye anaima pakhomo ndi chikwama nanena kuti: "Ndikupita, ndipo sindibweranso. Kuli wina. Sindikufuna uzimva kwa anthu." Anatuluka. Simbi inatsala pa kolala ya malaya mpaka fungo la nsalu yopserera linadzaza nyumba.

Mwana anali panja akusewera ndi zitsekerero za mabotolo. Analowa nafunsa kuti, "Adadi apita kuti?"

Pakamwa panayankha mtima usanaganize. "Angotuluka kumene. Abwera."

Mayi wina aliyense akanalira, kapena kutukwana, kapena kungokhala duu. Mayi Mawa anachita chimene manja ndi lilime lake zinazolowera: anaona kamunthu kali pamaso pake kakufuna munthu amene sakufuna kuonedwa, ndipo anakapatsa kanthu konyamula. Anadziuza kuti adzamuuza akadzakulako pang'ono. Mwana anakula, mafunso anakula naye, mayankho nawo sanasowe. "Ntchito yawachulukira." "Kumene aliko mafoni ndi ovuta." "Akudziwa kuti ukuwafunsa." Mwanayo anakokera mpando pawindo loyang'ana kumsewu, ndipo homuweki yake yonse ankalembera pamenepo, kope lili pa maondo, basi ikaima iye n'kudzutsa mutu.

Mu 1983 kampani inamupezera Mayi Mawa nyumba yabwinoko, ya madzi m'kati ndi kabwalo kumbuyo. Atamuuza mwana, mwanayo anagwira chitseko chobiriwira chija ndi manja awiri. "Nanga adadi akabwera atipeza bwanji?" Apa panali pakhomo potsegula, poti mayiyo akanatha kulowerapo n'kunena zoona. Anayang'ana maso a mwanayo, koma sanalowerepo. M'mawa mwake anakauza bwana kuti nyumbayo yatalikira sukulu. Anapitiriza kutunga madzi pa mpopi wa panja.

Zinaululika mu Ogasiti 1989. Mtsikanayo, tsopano wa zaka khumi ndi zinayi, anapita ndi anzake a kusukulu kukasewera mpira wamanja kutsidya lina la mzinda. Pobwerera, pa siteji ya basi, anaona bambo wamtali atanyamula kamnyamata paphewa, kena kakugwira thalauza lake. Anawazindikira ndi kayendedwe. Anapita kukawapatsa moni, ndipo bamboyo, atadabwa, anati: "Kodi amayi ako sanakuuze? Inetu ndinanena poyera."

Anafika kunyumba dzuwa likupendeka, mayi ake akusenda mbatata. Sanakuwe, sanamenyetse chitseko.

"Amayi, ndawaona adadi. Ali ndi ana awiri aamuna."

Mpeni unaima. Chimene chinatuluka pakamwa pa Mayi Mawa ndi ichi: "Watopa, mwanawe. Kasambe kaye. Tikambirana mawa."

Mtsikanayo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Chabwino, amayi." Anachotsa mpando pawindo n'kuubwezera patebulo. Kukambiranako sikunachitike, ndipo iye sanakufunsenso.

Anthu oyandikana nawo ankamusirira Mayi Mawa. Mwana waulemu chotere, wosayankha, wosakwiya, wakhama pa sukulu! Mayiyo yekha ndiye ankadziwa ulemu umenewo, chifukwa unali wake. Ankaupereka tsiku ndi tsiku kwa anthu a pabenchi. Akamufunsa mwanayo kuti zikuyenda bwanji, ankati zili bwino. Akamufunsa chimene akuganiza, ankati palibe. M'nyumba ya zipinda ziwiri anthu awiri ankadutsana ngati alendo a m'basi imodzi, wina kupepesa, wina kuthokoza.

Mtsikanayo anaphunzira ntchito yoyeza magazi, ndipo Lolemba pa 8 Januwale 1996 anakwera basi kupita ku mzinda wina kumene anapeza ntchito pa chipatala china chaching'ono. Mayi ake anamuperekeza ku depoti atanyamula chikwama cholemeracho, namuuza kuti asaiwale juzi usiku. Zina zonse zimene anakonza kunena sanazinene.

Kuyambira pamenepo moyo wa Mayi Mawa unapachikika pa foni ya pa desiki. Mwana ankaimba ndithu, kamodzi pamwezi, nthawi zina kawiri. Koma ankaimba Lolemba m'mawa, pamene makontilakita onse akufuna simenti, mafoni akulira pawiripawiri, masitepe ali gu gu gu. Mayiyo ankadziwa chifukwa chake. Iye yemwe ndiye anaphunzitsa nzeru imeneyo bwana wamng'ono, mwana wa bwana wakale uja, atatenga mpando wa bambo ake: munthu amene simufuna kucheza naye, muimbireni nthawi imene iye watanganidwa, mudzaoneka kuti mumamukumbukira koma nkhani sidzatalika.

"Amayi, ndi ine. Muli bwanji?"

"Ndili bwino, mwanawe, kaya iwe? Chimfine chija chinatha?"

"Chinatha. Ndamva foni ina ikulira kumeneko."

"Isiye ilire."

"Ayi, angakukalipireni abwana. Ndimangofuna ndikumveni. Tidzachezanso."

Ndipo mayiyo, m'malo mofunsa kuti ubwera liti, ankati: "Tchuthi chino ntchito ikuchulukiranso, eti?" Mwana n'kuvomera kuti inde, yachuluka, koma ayesetsa. Anali mayi mwini amene ankamutsegulira khomo lothawira, monga mmene munthu wodziwa ntchito amachitira ndi mnzake wodziwa ntchito. Pa moyo wake wonse anali asanafunsepo funso limene yankho lake likanatha kukhala ayi.

Komabe Lolemba linali tsiku lake. Ankavala diresi labuluu la mabatani oyera, ngati kuti foni ili ndi maso. Ankafika ena onse asanafike, n'kupukuta chogwirira cha foni ndi mpango. Tiyi ankamuika patali kuti pakamwa pasakhale kanthu foni ikalira. Ikalira, ankadziwa asananyamule ngati ndi simenti kapena ndi mwana, ngakhale sakanatha kufotokoza kuti ankadziwira chiyani. Mawu ochepa aja ankapita nawo kunyumba, n'kumawatembenuza sabata yonse ngati munthu wosunga switi m'tsaya: mmene anati "amayi", kaphokoso ka galimoto kumbuyo kwake, kutsokomola kumene mwina kunali chimfine, mwina ayi. Nyumba yake sankaidziwa. Ankaimanga yekha m'maganizo, n'kuiikira makatani, n'kuwasinthanso.

Mafoni a m'manja atafala, anagula yake mu 2003, nawerengera mwana nambala pang'onopang'ono. Mwana anati wailemba. Lolemba lotsatira inalira ya pa desiki.

"Make mbuu, mwana mbuu," anatero mesenjala, amene tsopano anali ndi imvi ndipo njinga ankangoikankha pokwera mtunda. "Munamuphunzitsa bwino, Mayi Mawa. Akanakhala wanga ndikanamupatsa satifiketi."

"Pakamwa panu padzakupweteketsani, bambo inu."

"Panandipweteketsa kale, mano onse anathawa. Koma ine wanga amanditukwana pamaso, kenaka timamwa tiyi."

Mayi Mawa anaseka nawo, koma mawuwo anapita nawo kunyumba.

Nkhani yopuma ntchito inayamba kumveka mu 2004. Bwana wamng'ono ankafuna kuika makina oyankha okha mafoni, ndipo desiki ankafuna kuichotsa kuti paikidwe makabati. Koma kumugwira Mayi Mawa kuti akhale pansi amve nkhaniyo kunali ngati kugwira sopo m'madzi. Bwana akati, "Mayi, mukapeza mpata tionane," mpata sunkapezeka. Akatuluka kudzaima pa desiki, mayiyo anali pa foni ndi kasitomala wovuta. Akatchula mwezi, mwezi umenewo unali wa kuwerengera katundu. Antchito a pansi ankachita kubetcherana. Ankaganiza kuti mayiyo akuopa kukhala pakhomo osachita kanthu. Palibe ankadziwa kuti akuteteza chingwe chimodzi chokha chimene chinkamulumikiza ndi mwana wake. Akachoka pa desikiyo, mwanayo adzaimba kuti? Kunyumba kulibe foni ina yolira pambali, kulibe abwana okalipa. Foni ya kunyumba ikanafuna kucheza kwenikweni, ndipo mayiyo ankaopa kuti pamenepo mwanayo adzangosiyiratu.

Kumayambiriro kwa Epulo 2006 bwana wamng'ono anamudikirira pamwamba pa masitepe m'mawa, mayiyo asanavule n'komwe juzi.

"Mayi, munandinyamulapo ndili khanda, ndiye ndimachita nanu manyazi. Koma ndinene basi. Mwezi wa Juni ukatha, mupume."

Mayi Mawa anafunafuna poti athawire, koma bwanayo sanasiye mpata. Chodabwitsa n'chakuti atakhala pampando wake, sanamve kuti wavulidwa. Anamva ngati munthu amene wakhala akuyenda mumdima akupapasa khoma, ndipo wina wamugwira dzanja n'kumuonetsa pamene khomalo lathera. Anakhala akuyang'ana benchi yopanda munthu. Anakumbukira kuti pa anthu onse amene anakhalapo, amene ankamusowetsa mtendere sanali okalipa. Anali aja ankangoti, "Palibe kanthu, ndidikira," n'kukhala pansi, chipewa pa bondo.

Anapempha tchuthi cha masiku awiri, ndipo Lachitatu pa 19 Epulo anakwera basi ya m'mamawa. Sanamuuze mwana, poti analibe pomuuzira. Dzina la chipatalacho ankalidziwa, ndipo woyendetsa takisi anamufikitsa pageti dzuwa lisanafike pamutu.

M'katimo munali khonde lalitali lonunkhira mankhwala opukutira pansi, mipando yapulasitiki yolumikizana, ndi kawindo kamene kuseri kwake kunali mayi wachitsikana wa zikhadabo zofiira. Mayi Mawa anatchula amene akumufuna, nanena kuti ndi mayi ake. Wapakawindoyo anaimba foni ya m'kati, nanong'ona, namvetsera. Maso ake anathawira ku chitseko choyera cha kumapeto kwa khonde.

"Pepani, mayi, ali pa msonkhano. Mwina mutasiya uthenga..."

"Mwanangu, ukamanena zimenezo usamayang'ane chitseko. Ndipo usamayambe ndi pepani, munthu amadziwiratu."

Wapakawindoyo anagwira pakamwa, osadziwa kuti aseke kapena apepesenso.

"Usadandaule, si mlandu wako. Ndidikira."

Anakhala pampando wa kumapeto, chikwama pa miyendo. Pa zaka zonse zija anali asanakhalepo mbali imeneyi, ndipo anaphunzira zimene sankazidziwa. Chitseko chikangoti kwee, khosi limadzuka lokha, ngakhale walilangiza kuti lisadzuke. Munthu umayamba kuchita manyazi ndi nsapato zako. Umafuna kupita kuchimbudzi koma umaopa kuti ukangochoka ndiye atuluka. Anthu ankabwera, kupinda mkono wa malaya, kulowa, kutuluka atapanikiza thonje pamkono. Ena ankalandira pepala pakawindo n'kuliwerengera pomwepo, nkhope n'kumasuka kapena kugwa. Anaganiza kuti mwana wake anasankha ntchito yachilendo: magazi akanena kuti muli matenda, ndiye kuti muli, palibe zoti tayesani mawa.

Nthawi ya nkhomaliro khonde linatsala lopanda anthu. Chitseko choyera chinatseguka, natuluka mayi wovala gauni loyera, wa magalasi. Magalasiwo Mayi Mawa sankawadziwa. Sankadziwanso kuti tsitsi analidula lalifupi, kapena kuti poyenda amapendekera kumanja ngati mkulu wake wa mayiyo, malemu mwini juzi ija. Anaimirira, maondo akulira.

"Amayi! Mwabwera osanena? Kwagwanji?"

"Kulibe chagwa. Ndikananena bwanji, nambala yako ndilibe."

"Ii, zoona, ndimati ndikupatseni, koma foniyi imangovuta, ndiye ndimafuna ndikagula ina..."

"Usatero, mwanawe. Zimenezo ndi zanga. Ndikuzidziwa zonse ndi kumene zimathera."

Mwanayo anayang'ana kwa wapakawindo, amene mwadzidzidzi anatanganidwa ndi mapepala, kenaka anati, "Tiyeni m'kati."

Anawalowetsa m'kachipinda ka kumbuyo komwe antchito ankamwera tiyi. Munali firiji yong'ung'udza, sinki, ketulo ndi mipando iwiri yosafanana. Mwanayo anayamba kutsuka makapu amene anali oyera kale.

"Mwayenda bwanji? Basi inadzaza? Mukanadya kaye, pali buledi apa."

"Siya makapuwo. Khala pansi, undiyang'ane."

Anakhala. Mayi Mawa anaika manja pa chikwama. M'basi monse anali atakonza mawu oyambira, aulemu, ozungulira bwino, okhala ndi khomo lotulukira kumapeto. Anawasiya.

"Ntchito ndikupuma mu Juni. Foni ija aichotsa. Ndiye ndabwera kudzafunsa, ndipo undiyankhe mmene mumayankhira anthu anu a magaziwa. Kodi umafuna kundiona, kapena ayi?"

Firiji inang'ung'udza. Mwanayo anavula magalasi, nawapukuta ndi gauni, nawavalanso.

"Nthawi zina ayi," anatero.

Mawuwo analowa ngati singano, molunjika, pamalo amodzi. Mayiyo anagwedeza mutu. "Pitiriza."

"Ndikamva mawu anu, amayi, ndimakhala ngati ndabwerera pawindo paja. Mumalankhula bwino, mumandifunsa za chimfine, ndipo ine ndimangodikira kuti mwina lero munena kanthu. Munandikhazika pa benchi zaka khumi. Munthu wa malata mumamuuza kuti abwere mawa, amapita kwawo, amakadya, amakagona. Ine kwathu kunali komweko. Ndikanapita kuti?"

"Ndinkaona ngati ndikukuteteza."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindinathe ngakhale kukukalipirani. Adadi ndinawakwiyira, ndinamaliza, ndinawaiwala. Inu ndinalibe pogwira."

Panja wina anagogoda, mwanayo nayankha kuti abwerenso pakapita kanthawi, ndipo mayiyo anaona kuti wanena izi osayang'ana wotchi.

"Nanga lero?" anafunsa Mayi Mawa. "Lero ukufuna kundiona?"

"Mmene anandiuza kuti muli panja, sindinafune. Ndinati mutopa, mupita. Ndinasuzumira kawiri, muli pomwepo ndi chikwama chanu ngati munthu wodzayezetsa shuga." Anaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno, misozi ili m'maso. "Pano ndikufuna. Khalani. Timwe tiyi."

Anamwa tiyi ndi buledi wosapaka kanthu. Mayiyo anamva kuti nyumba ya mwana wake ili pamwamba pa sitolo ya nsapato, kuti makatani mulibe chifukwa amakonda kuwala, kuti pali mphaka, kuti panali mwamuna wina koma zinatha chaka chatha. Chilichonse ankachilandira ndi manja awiri. Tiyi atatsala pang'ono m'kapu, analimba mtima kachiwiri.

"Ndikapuma, ndilibe chondisunga kuja. Ndingathe kupeza kachipinda kuno, pafupi nawe. Sindingakusowetse mtendere. Ndibwere?"

"Ayi, amayi."

"Ayi wa chaka chino, kapena ayi?"

"Sindikudziwa za zaka zinazo, ndipo sindikupatsani tsiku, mungalisunge. Panopa ayi."

Mayi Mawa anayang'ana pansi pa kapu. Kachipinda kaja anali atakaika kale bedi ndi mbaula m'maganizo, ndipo anafunika kanthawi kuti azitulutsemo.

"Chimene ndingathe ndi ichi," anapitiriza mwanayo. "Ndiziimba pa foni yanu ya m'manja. Nambala ndili nayo, ndinailembadi. Ndiziimba Lamlungu masana, nthawi imene nonse awiri, inu ndi ine, tilibe pothawira. Koma tigwirizane. Lamlungu limene sindinaimbe, musamandipangire zifukwa. Musamati ntchito yamuchulukira. Muzidziwa kuti tsiku limenelo sindinafune."

"Ndi mankhwala owawa amenewo."

"Ndi amene ndili nawo."

"Ndipatse," anatero mayiyo.

Anagona kunyumba ya alendo pafupi ndi depoti, poti mwanayo sanawaitanire kwake ndipo iwo sanapemphe. M'mawa mwanayo anabwera kudzawaperekeza asanapite ku ntchito. Basi ikunyamuka anaimirira pomwepo, manja m'matumba a jekete, osabayibitsa, koma osachokanso mpaka basi inakhota.

Lamlungu loyamba foni inalira. Anacheza mpaka khutu linatentha, nthawi zina kukhala chete onse awiri, wina akumva kupuma kwa mnzake, popanda wonena kuti foni ina ikulira. Lamlungu lachiwiri inaliranso, ndipo anakangana, koyamba chibadwire cha mwanayo, pa nkhani ya nyumba ija ya madzi m'kati. Lamlungu lachitatu sinalire. Mayi Mawa anakhala nayo pa miyendo mpaka mthunzi wa nyumba unafika pa mpopi. Mtima unayamba kumupangira zifukwa, zabwinobwino, zoti mwina batire, mwina wodwala wamwadzidzidzi. Anaukaniza. Ananena mokweza m'nyumba yopanda munthu kuti, "Lero sanafune," ndipo analira kulira kumene kunamudikira kuyambira kalekale. Atatha anasamba kumaso, naphika, nadya. Lamlungu linalo anakhalanso pampando womwewo, foni pa miyendo, osadziwa ngati ilira kapena ayi.

Ku ntchito anamaliza miyezi yake mwakachetechete. Anasanja mafayilo, naphunzitsa mnyamata wa makompyuta mayina a makasitomala okwiya msanga. Tsiku lomaliza antchito anamugulira keke, bwana wamng'ono analankhula mawu ochepa, mesenjala nalankhula ambiri. Madzulo amuna awiri a ku sitolo anakwera kudzanyamula desiki, ndipo anaima mwaulemu kudikira kuti mayiyo atenge chikwama chake. Anawapatsa mpata, natsika masitepe atagwira chitsulo cha m'mbali. Linali Lachisanu, pa 30 Juni 2006.